Hou Debang: Injiniya Amene Anaulula Chinsinsi cha Soda

Mumzinda wa Beijing, likulu la dziko la China, muli sukulu ya ukachenjede yotchedwa Beijing University of Chemical Technology. Sukuluyi inatsegulidwa m'chaka cha 1958 pansi pa unduna woona za mafakitale a makemikolo, ndipo pa nthawiyo inkadziwika kuti Beijing Institute of Chemical Technology. Dzina limene ili nalo lero inalitenga mu 1994. Kuyambira pachiyambi, ntchito yake ndi kusula mainjiniya odziwa kusandutsa mchere, malasha, mafuta, madzi ndi mpweya kukhala feteleza, pulasitiki, mphira ndi zina zambiri zimene dziko limadalira. Gawo lina la sukuluyi limatchedwa ndi dzina la Hou Debang, mwana wa mlimi amene anali wachiwiri kwa nduna mu unduna umenewu chaka chimene sukuluyo inatsegulidwa.

Ambiri a ife sitinamvepo dzina limeneli, koma mbiri ya munthuyu ikutikhudza, makamaka ife amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi. Anavutika zaka zisanu kuti adziwe chinthu chimene makampani akuluakulu ankabisa, ndipo atachidziwa anachilemba m'buku kuti aliyense awerenge. Popeza ku China dzina la banja ndilo limayamba, tiziwatchula kuti a Hou.

Ubwana ndi sukulu

A Hou anabadwa pa 9 Ogasiti 1890 m'boma la Minhou, pafupi ndi mzinda wa Fuzhou, m'chigawo cha Fujian kum'mwera cha kum'mawa kwa China. Makolo awo anali alimi a mpunga osapeza bwino, choncho mwanayo ankagawa tsiku lake pakati pa munda ndi mabuku. Olemba mbiri yawo amasimba kuti ankawerenga buku kwinaku akupalasa ndi mapazi makina a matabwa okokera madzi othirira m'munda. Azakhali awo ataona khama limeneli anawalipirira sukulu ku Anglo-Chinese College, sukulu ya mishoni ya mpingo wa Methodist mumzinda wa Fuzhou. Kumeneko ndi kumene anaphunzira Chingerezi ndi kuyamba kukonda sayansi. Ife amene tinadutsa m'sukulu za sekondale za mpingo tikudziwa mmene wachibale mmodzi wolipira fizi angasinthire moyo wonse wa mwana.

Atachoka ku Fuzhou anakaphunzira za njanji ku Shanghai, ndipo anagwirako ntchito pa njanji yochokera ku Tianjin kupita ku Pukou. Mu 1911 anasiya ntchitoyo n'kukalowa sukulu ya Tsinghua ku Beijing, imene inkakonzekeretsa achinyamata kukaphunzira ku America. Ndalama zoyendetsera sukuluyi zinali ndi mbiri yowawa. Zinachokera pa chindapusa chimene China inakakamizidwa kulipira mayiko akunja pambuyo pa chipolowe cha a Boxer cha mu 1900, ndipo dziko la America linabweza gawo lina kuti lilipirire ophunzira. Zimanenedwa kuti pa mayeso ena a Hou anapeza malikisi onse m'maphunziro khumi.

Mu 1913 anatumizidwa ku Massachusetts Institute of Technology kukaphunzira uinjiniya wa makemikolo. Kenako anaphunzira kafufutidwe ka zikopa ku Pratt Institute mumzinda wa New York, n'kupitiriza ku Columbia University, kumene analandira digiri ya PhD mu 1921. Kafukufuku wawo anali wa kufufuta zikopa pogwiritsa ntchito makemikolo ochokera ku chitsulo. Aliyense akanaganiza kuti moyo wawo wonse udzathera pa zikopa. Koma chaka chomwecho analandira kalata yochokera kwawo, yowapempha kuti akathandize kumanga fakitale ya soda.

Soda ndi chiyani, nanga ankabisiranji?

Soda amene tikunena pano ndi m'bale wake wa soda wophikira amene timathira mu therere. Wophikirayo asayansi amamutcha sodium bicarbonate, ndipo akatenthedwa kwambiri amasanduka sodium carbonate, amene mafakitale amamutcha soda ash. Dzina limeneli likukumbutsa kuti kalekale anthu ankamupeza potcheza phulusa la zomera, monga mmene agogo athu amachitira ndi chidulo. Popanda soda ameneyu n'kovuta kupanga galasi, sopo, mapepala, ngakhale kunyika nsalu mu utoto. Ku China ankamugwiritsanso ntchito pochotsa kuwawasa mu mtanda wa buledi wawo wophika ndi nthunzi.

Njira yotsika mtengo yopangira soda wambiri inatulukiridwa ndi Ernest Solvay wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1860. Papepala njirayi ndi yosavuta. Madzi a mchere wambiri amasakanizidwa ndi ammonia, kenako amapoperamo mpweya wa carbon dioxide wochokera ku miyala ya laimu yowotchedwa. Zikatero sodium bicarbonate amadikha pansi ngati ufa, amasefedwa, n'kutenthedwa mpaka kusanduka soda ash. Madzi otsalawo amathiridwa laimu kuti ammonia abwerere n'kugwiritsidwanso ntchito.

Zimenezi zinali m'mabuku a sukulu. Chimene sichinalembedwe paliponse chinali luso la m'fakitale: kamangidwe ka nsanja zosakaniziramo, kutentha koyenera pa gawo lililonse, ndiponso mmene angapewere kuti mapaipi asatseke kapena kudyeka. Makampani amene ankagwiritsa ntchito njira ya Solvay anagwirizana kuti azisunga luso limeneli pakati pawo, ndipo anagawana misika ya dziko lonse. Msika wa China unali m'manja mwa kampani ya ku Britain yotchedwa Brunner Mond. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, sitima zonyamula soda zinachepa, mtengo unakwera koopsa, ndipo mafakitale ambiri a ku China odalira soda anaima.

Amene analemba kalata ija anali a kampani ya Yongli, yokhazikitsidwa ndi Fan Xudong. A Fan anaphunzira sayansi ku Japan, ndipo anali kale ndi fakitale yoyeretsa mchere ku Tanggu, m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Tianjin. Mchere unali mbwee pamalopo, koma wodziwa kuusandutsa soda panalibe. A Hou anavomera, nasiya zikopa zimene anazidziwa bwino n'kuyamba ntchito imene palibe akanawaphunzitsa.

Zaka zisanu ku Tanggu

Ku Tanggu a Hou anavula suti n'kuvala maovololo. Njira ya Solvay ili ngati unyolo: gawo limodzi likaima, onse amaima. Choncho vuto lililonse linkafunika kulifufuza pamalo pomwepo, m'ng'anjo ya laimu, m'mapaipi otseka kapena pansi pa nsanja. Mu Ogasiti 1924 fakitale inatulutsa soda wake woyamba, koma m'malo moyera anatuluka wofiirira, wosagulitsika. A Hou atamupima anapeza kuti mtunduwo unkachokera ku dzimbiri, pakuti madzi a mchere ndi ammonia ankadya chitsulo cha nsanja ndi mapaipi. Anathetsa vutoli pothira sodium sulphide pang'ono, amene amapanga kachikuto kopyapyala pa chitsulo n'kuchiteteza.

Vuto limeneli lisanaiwalike, chiwaya chachikulu chotenthetsera soda chinawonongeka ndi moto, ndipo fakitale inaima. Ndalama zinali kutha. Ena mwa eni masheya anafuna kuti a Hou achotsedwe, pabwere injiniya wakunja. A Fan anakana, napempha anzawowo kuti apirire. A Hou anabwerera ku America kukafufuza chimene chinalakwika, ndipo chiwayacho chinalowedwa m'malo ndi ng'anjo yozungulira yolimba. Pa 29 Juni 1926 fakitale ya Yongli inatulutsa soda woyera mbee. Chaka chomwecho soda ameneyu, wokhala ndi chizindikiro chotchedwa Red Triangle, analandira mendulo ya golide pa chionetsero cha mayiko ku Philadelphia.

Kampani ya Brunner Mond sinangokhala chete. Inatsitsa mitengo ku China kuti igwetse kampani yatsopanoyo. A Fan anabwezera potumiza soda wa Yongli ku Japan, kumene Angereziwo anali ndi msika waukulu, n'kukamugulitsa motchipa. Mapeto ake Yongli inapulumuka.

Buku la mu 1933

Apa ndi pamene pali chimake cha mbiriyi. Kampani ya Yongli tsopano inali ndi luso limene makampani ena akanalipira ndalama zambiri kuti alipeze. Njira yachidule inali kulowa m'gulu la obisa aja, kapena kugulitsa lusolo kwa wopereka zambiri. A Hou, mogwirizana ndi a Fan, anasankha kulilemba. Mu 1933 buku lawo la m'Chingerezi lotchedwa Manufacture of Soda linasindikizidwa ku New York, pa mndandanda wa mabuku a bungwe la American Chemical Society. Pachikuto dzina lawo linalembedwa kuti Te-Pang Hou. M'bukumo anafotokoza makina, miyeso, ndi mavuto amene munthu angakumane nawo pa gawo lililonse, pamodzi ndi njira zowathetsera. Zimene makampani anabisa kwa zaka pafupifupi 70 zinakhala pa shelefu ya laibulale, ndipo bukulo linakhala lodalirika kwa mainjiniya a soda m'mayiko ambiri.

Tisaganize kuti a Hou sankadziwa mtengo wa zimene ankaperekazo. Ankaudziwa bwino kuposa wina aliyense, popeza anaulipira ndi zaka zisanu za kulephera, ngongole ndi kunyozedwa. Chimene anaona n'chakuti mayiko ena osauka adzafika pa khomo lomwelo limene iwo analipeza lotseka, ndipo sanafune kukhala mmodzi wa alonda ake. Pambuyo pake anapitanso okha kukathandiza. M'zaka za m'ma 1940 analangiza dziko la Brazil pa zomanga fakitale ya soda, ndipo anapita kangapo ku India kukakonza mavuto a fakitale ya kampani ya Tata ku Mithapur.

Nkhondo ndi njira yatsopano

Kuyambira mu 1934 a Hou anatsogolera ntchito yomanga fakitale ina ya Yongli pafupi ndi Nanjing, m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze. Imeneyi inali yopanga ammonia, ma asidi ndi feteleza wa ammonium sulphate. Inayamba kugwira ntchito kumayambiriro a 1937, ndipo patangopita miyezi yochepa nkhondo ya pakati pa China ndi Japan inakula. Fakitale yopanga feteleza ingathenso kupanga zopangira mabomba, choncho a ku Japan anaifuna. A Fan ndi a Hou anakana kugwira nawo ntchito. Fakitale ya ku Nanjing inaphulitsidwa ndi ndege kenako kulandidwa, ndipo ya ku Tanggu nayonso inalandidwa. Ntchito ya zaka 16 inapita m'manja mwa adani.

Mainjiniya ndi amisiri a Yongli anathawira kumadzulo, n'kukayambiranso ku Wutongqiao m'chigawo cha Sichuan. Kumeneko anakumana ndi vuto lina. Ku Tanggu mchere unkachokera m'nyanja ndipo unali wotchipa. Ku Sichuan unkatungidwa m'zitsime zakuya ngati madzi a mchere wochepa mphamvu, ndipo unali wodula. Njira ya Solvay imagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a mchere, wotsalawo n'kutayidwa pamodzi ndi calcium chloride, chinyalala chimene chimaononga nthaka ndi madzi. Ndi mchere wodula chotero, fakitale sikanapindula.

Mu 1938 a Hou anapita ku Germany kukagula njira ina, yotchedwa ya Zahn, imene inkataya mchere wochepa. A ku Germany, amene anali pa ubwenzi ndi Japan, anatchula mtengo wokwera, n'kuwonjezera lamulo lakuti soda wopangidwayo asakagulitsidwe m'zigawo za kumpoto cha kum'mawa kwa China, zimene Japan inali italanda. Kuvomera lamulo limeneli kukanatanthauza kuvomereza kuti zigawozo sizilinso za China. A Hou anachoka osagula kanthu.

Iwo ndi gulu lawo anayamba kufufuza okha. Chifukwa cha kusowa kwa zipangizo ku Sichuan, zoyeserera zina zinkachitikira ku Hong Kong, zina ku Shanghai ndi ku New York, ndipo anazibwereza maulendo oposa 500. Maganizo awo anali otere. Akasefa sodium bicarbonate, madzi otsala amakhala ndi ammonium chloride. M'malo mowathira laimu, a Hou anawaziziritsa n'kuthiramo mchere wosalala. Madzi ozizira amene akhuta mchere sathanso kusunga ammonium chloride, choncho iye amadikha n'kusefedwa, ndipo ameneyu ndi feteleza. Madzi otsalawo, omwe tsopano ali ndi mchere wambiri, amabwerera koyambirira kukapanga soda wina. Kenako analumikiza fakitale ya soda ndi ya ammonia, chifukwa popanga ammonia pamatuluka carbon dioxide wambiri amene ankangotayidwa. Potero miyala ya laimu sinafunikenso, chinyalala cha calcium chloride chinatha, mchere wogwira ntchito unapitirira magawo 95 pa 100, ndipo fakitale imodzi inkatulutsa zinthu ziwiri zogulitsa. Mu 1941 anzawo anaitcha njirayi ndi dzina la a Hou, ndipo pofika 1943 inali itayesedwa yonse kuchokera koyamba mpaka kumapeto.

Dziko linaona ntchito imeneyi. Mu 1943 bungwe la Society of Chemical Industry la ku Britain linawapatsa umembala waulemu, ndipo chaka chotsatira Columbia University inawapatsa digiri yaulemu. Koma nkhondo inalepheretsa kumanga fakitale yaikulu ya njira yatsopanoyo. A Fan anamwalira mu Okutobala 1945, nkhondo itangotha, ndipo utsogoleri wa Yongli unagwera a Hou. Mu 1947 anapita ku Japan kukaumirira kuti makina opangira asidi amene anazulidwa ku Nanjing abwezedwe, ndipo anabwezedwadi.

Zaka zomaliza

Mu 1949, chaka chimene boma la chikomyunizimu linayamba kulamulira, a Hou anabwerera kwawo ngakhale anali ndi mwayi wokhala kunja. Anasankhidwa kukhala membala wa Chinese Academy of Sciences mu 1955, analowa chipani cholamula mu 1957, ndipo mu 1958 anakhala wachiwiri kwa nduna. Njira yawo ya soda inafika pa fakitale yaikulu mumzinda wa Dalian, ndipo inavomerezedwa mu 1964, patatha zaka zoposa 20 chiitulukireni.

Pa nthawi yomweyi anatembenukira ku vuto la alimi. China inali ndi anthu ambiri oti adye koma feteleza wochepa, ndipo inalibe ndalama kapena zitsulo zapadera zomangira mafakitale akuluakulu okwanira. A Hou anatsogolera gulu limene linakonza njira yopangira feteleza wa ammonium bicarbonate m'mafakitale ang'onoang'ono oyendera malasha, oti angamangidwe m'maboma. Feteleza ameneyu ndi wochepa mphamvu poyerekeza ndi urea, ndipo amauluka msanga akasungidwa poipa. Komabe ankapangidwa pafupi ndi mlimi, ndipo mafakitale otere anafalikira m'dziko lonselo n'kudyetsa minda kwa zaka zambiri. Analembanso buku lalikulu la soda m'Chitchaina kuti ophunzira a kwawo asadalire Chingerezi chokha.

Chisokonezo cha ndale chotchedwa Cultural Revolution, chimene chinayamba mu 1966, chinaimitsa ntchito zambiri za sayansi ndi maphunziro, ndipo a Hou nawo anaikidwa pambali ali okalamba. Atadwala, anapempha kuti mabuku awo osowa aperekedwe ku boma kuti ena adzawagwiritse ntchito. Anamwalira ku Beijing pa 26 Ogasiti 1974, ali ndi zaka 84.

Zimene tikutolapo

A Hou sanali a mpingo wathu, ndipo anatumikira boma limene silinkalemekeza chipembedzo. Sitikuwalemba pano ngati chitsanzo cha chikhulupiriro. Koma zina zimene timaphunzitsidwa m'sukulu zathu iwo anazichita poyera. Timauzidwa kuti maphunziro enieni amakhudza mutu, mtima ndi manja, ndipo pano tikuona munthu wa PhD atavala maovololo, akufufuza dzimbiri m'paipi. Timamva fanizo la matalente pa Sabata, ndipo pano tikuona munthu amene anakana kukwirira lake.

Chiyeso chobisa nzeru sichili kwa makampani akuluakulu okha. Chili pakati pathu pamene wina apeza buku losowa mu laibulale n'kulisuntha shelefu kuti anzake asalione mpaka mayeso atadutsa. Chidzatipezanso tikadzayamba ntchito, pamene malipiro adzachepa ndipo tidzaganiza zophunzitsa mwapatalipatali m'kalasi n'kusungira zenizeni ana amene makolo awo angalipire maphunziro apadera. Mwana wosalipirayo adzakhala ngati Yongli ya mu 1921: mchere ali nawo, nzeru ali nazo, koma wina watseka chitseko.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Kampani ya Brunner Mond inaphatikizana ndi makampani ena n'kupanga kampani ina yaikulu mu 1926, ndipo patapita zaka zambiri mafakitale ake a soda anagulidwa ndi kampani ya Tata, yomwe ija a Hou anakaithandiza ku Mithapur. Dzina la a Hou likadali pa njira yopangira soda imene ana a sekondale ku China amaiphunzira mpaka lero, ndiponso pa gawo la yunivesite ku Beijing kumene achinyamata a msinkhu wathu akuphunzira uinjiniya. Ambiri a ife sitidzatulukira njira yatsopano ya sayansi. Tidzapatsidwa choko, bolodi ndi ana odzaza kalasi, ndipo tsiku lililonse tidzasankha kuchuluka kwa zimene tiwapatse pa zimene tikudziwa.